Makalata ndikutumiza koma ku intaviyu sakundiitana

Namwino wa ku Ntcheu: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndine NMT (Nurse Midwife Technician, namwino yemwenso ndi mzamba), layisensi ya ku Nurses and Midwives Council ndili nayo, ndipo chimalizireni sukulu ndikugwira locum (ntchito yongogwirizira, osati yokhazikika) pa health centre ina kuno. Zipatala za mishoni za CHAM kapena mabungwe akalengeza ntchito ndimatumiza makalata, koma kuli zii. Kalata yanga imayamba ndi "I humbly beg to apply", kenako ndimati ndine wolimbikira, woopa Mulungu, ndiponso ndili ndi abale oti ndiziwathandiza. Ndikonze pati?

Metroni wopuma, Zomba: Mwana wanga, ine ndakhalapo pa gulu losankha makalata. Maenvulopu amadzaza katoni, ndipo timawerenga chilengezo chili pambali, tikuchonga chimodzichimodzi. Zoti ndinu wolimbikira aliyense walemba zomwezo. Za abale chotsani. Zimatikhudza ndithu, koma palibe malikisi ake.

Lembani zimene manja anu agwira. Ngati akufuna wa ku matenite, nenani kuti usiku mumabereketsa muli nokha, partograph (tchati cholembapo mmene kubereka kukuyendera) mumadzaza bwino, ndipo mayi akayamba kutaya magazi kwambiri mumadziwa chochita ambulansi isanafike. Ngati munaphunzira Helping Babies Breathe (kuthandiza khanda lobadwa kumene kuti lipume) kapena za ART (mankhwala a HIV), tchulani ndi chaka chomwe. Mutsegule rejisita muone amayi amene mumathandiza pa mwezi, mulembe nambala yeniyeniyo. Osakokomeza, chifukwa a in-charge anu tidzawaimbira.

Kiliniko ofesala, Mzimba: Mayi anena zoona. Ndiwonjezereko, achemwali: kalata imodzi musamaifotokope n'kumwaza paliponse. Ndinaonapo kalata yobwera kwathu koma m'kati akutamanda chipatala china, munthu anaiwala kusintha dzina. Pamzere wa RE lembani udindo ndendende mmene aulembera, ndi nambala ya chilengezo ngati ilipo. Nambala yanu ya ku khonsolo ya anamwino ikhale m'ndime yoyamba. Tsamba limodzi basi, zina zili mu CV.

Namwino wa ku Ntcheu: Zikomo kwambiri. Koma locum amaiwerengera? Ine ndimaibisa, ndimaona ngati si ntchito yeniyeni.

Sista wa ku Mangochi: Asisi, apo ndiye pakukugwetsani! Mukaibisa, amaona ngati chimalizireni sukulu mwangokhala pakhomo, manja azizira. Lembani mwezi umene munayamba ndi mawodi amene mwagwiramo. Mupemphenso a in-charge kalata yokhala ndi chidindo.

Kiliniko ofesala, Mzimba: Akati tumizani pa imelo, zonse zikhale PDF imodzi yokhala ndi dzina lanu, osati zithunzi za pafoni zojambulira pamkeka, chala chikuoneka pakona. Akafuna masatifiketi otsimikizidwa, pitani kwa Commissioner for Oaths (munthu wovomerezeka kutsimikiza zikalata) tsiku lotsekera lisanayandikire.

Sista wa ku Mangochi: Anthu okuikirani umboni muwauziretu. Ena amaimbiridwa n'kumafunsa kuti "ndani ameneyo?"

Namwino wa ku Ntcheu: Ndamva. Mawa ndili pa naiti, ndikapempha rejisita ndiwerenge. Mayi, ndikalemba ndingakutumizireni muione?

Metroni wopuma, Zomba: Tumizani, pamodzi ndi chilengezocho kuti ndiziyerekeza. Chimodzi chokha: pofotokoza za mayi amene munamupulumutsa, dzina lake kapena mudzi wake zisalowemo.