Za mwana uja wosokoneza maphunziro

Mwezi watha ndinafunsa zoti ndichite ndi mwana wanga wa zaka ziwiri amene amalira ndi kung'amba makope ndikamaphunzitsa mkulu wake kunyumba. Ambiri munati ndizidikira agone kaye. Ndinayesa, koma tulo take ta masana n'tosadalirika, lero mphindi 20, mawa osagona n'komwe.

Chimene chathandiza n'china. Ndinamupatsa kope lakelake ndi makrayoni, amakhala nafe patebulo n'kumakhwatchakhwatcha, ati nayenso ali pasukulu. Masamu timachita m'mamawa, mphindi 15 zokha, mkuluyo asanatope. Kuwerenga ndi madzulo.

Sikuti zonse zili myaa ayi. Dzulo anakhuthulira madzi pabuku la mkulu wake, onse awiri kulira, inenso ndinatsala pang'ono. Tinangotseka mabuku n'kutuluka panja.