Malichero anga akutuluka ufa, ndalakwitsa pati?

Wophunzira wa ku Ntcheu:
Akuluakulu ndi amayi nonse pagulu pano moni. Ndine uja ndinalowa mwezi wathawu, ndili ndi chaka chimodzi chokha chiyambire kuluka, amandiphunzitsa ndi amalume koma pano maso awo avuta nde zambiri ndikumangoyesa ndekha. Mu Novembala mvula isanagwe ndinakadula nsungwi kuphiri kwathu kuno nkuluka malichero 24 ndi madengu 6, oda ya mayi ena a shopu ku Lilongwe. Malichero 10 ndinapereka kale Khrisimasi isanakwane. Dzulo andiimbira kuti pashelefu pomwe anawaika pangoti mbuu ufa wachikasu, akasesa mawa lake wabweranso. Ndapita kukaona otsala mnyumbamu, ndagogoda limodzi pansi ufa kuti waa, ndipo ukayang'anitsitsa pali timabowo ngati tobaya ndi singano makamaka cha kumkombero. Usiku kukakhala zii mpaka mumamveka kukukuta. Mayiwo andilankhula bwinobwino koma ndi kasitomala wanga oyamba ndipo sindikufuna andione ngati ndinawagulitsa zowola dala. Chonde ndithandizeni, ndalakwitsa pati ndipo otsalawa ndingawapulumutse?

Madala a ku Dedza:
Pepani mwanawe, afumbwa amenewo. Tisanapite patali tayankhani izi kaye. Nsungwizo zinali ndi makoko mmfundomu kapena anali atayoyoka kale? Mutang'amba munapala mkati mwake mpaka pati? Ndipo mutadula munaziika kuti?

Wophunzira wa ku Ntcheu:
Zikomo bambo. Zambiri zinali zobiriwira bwino, zina makoko analipo, ndinasankha zimenezo chifukwa zimapindika mosavuta osathyoka. Kupala ndinapala koma pang'ono, ndipo poti nsungwi zinandichepera ndinang'ambanso kachiwiri, chakhungu pachokha chamkati choyera chija pachokha, zonse nkulukira limodzi. Ndinaziunjika pakhonde masiku atatu basi nkuyamba ntchito.

Madala a ku Dedza:
Ehee, mwadziyankha nokha. Kachilombo kameneka sikafuna nsungwi ngati nsungwi ayi, kamafuna chakudya chomwe nsungwi inasunga mkati mwake, ndipo chakudyacho chimakhala mu mnofu woyera wofewa uja osati kukhungu. Khungu ndi lolimba, sikalikonda. Nde inu mwatenga mnofu weniweniwo nkuulukira mulichero, kuli ngati kuika chimanga munkhokwe yopanda denga. Tengani lichero limodzi muone bwino, mupeza kuti timizere ta khungu tili bwino ndithu, tomwe tabooka ndi toyerato. Ine atate anga ankandiuza kuti pala mpaka kamzere kazikulunga pachala osalira, zomwe wapalazo ndi zoyatsira moto, usazimvere chisoni. Chachiwiri ndi mwezi. Okutobala ndi Novembala nsungwi imakhala itadzaza chakudya kukonzekera kutulutsa mphukira mvula ikagwa, ndi nthawi yoipitsitsa kudula. Ife kuno timadula tikamaliza kukolola, Meyi, Juni mpaka Julayi kukuzizira, pamenepo mphukira zadya kale chakudya chija ndipo tsinde latsala louma bwino. Komanso mwezi ukhale uli kumdima, ndi mmene tinapezera makolo akuchitira.

Wa mipando, Blantyre:
Za miyezi ya chisanu ndikugwirizana nanu madala 100 pa 100. Za mdimazo sinditsutsa akulu koma ine ndinadulapo mwezi ukuwala mu Juni nkuviika mmadzi, mipando yake ilipo mpaka lero osafumbwa, nde ndimaona ngati chachikulu ndi nyengo ndi kuviikako. Achimwene a ku Ntcheu ngati mukufuna za shopu za mtauni phunzirani borax, mankhwala a ufa woyera oteteza nsungwi kuti zisafumbwe. Timasakaniza borax ndi ufa unzake wotchedwa boric acid, zonse pamodzi zikwane hafu kilo mmalita 10 a madzi ofunda, timizere tong'amba kale tizimira mmenemo masiku angapo kenako kuyanika pamthunzi. Sizinunkha ndipo mtundu susintha kwenikweni.

Mayi a mlaza, Mangochi:
Borax yo ikhale ya mipando, zotchingira magetsi ndi madengu oikamo zovala, koma lichero ayi abale, anthu amapetera mpunga, kuanikapo ufa, ana kudyerapo mbatata. Ndipo ndinenerenso pompano poti ndikudziwa wina abwera nazo: musawaze mankhwala a chimanga aja kapena kupaka oyilo wakuda wa galimoto pa chinthu choikapo chakudya. Oyilo ndi wa nsichi za khola.

Wa mipando, Blantyre:
Zoona mayi, pamenepo ndavomera, ine ndimaganiza za katundu wokongoletsera mnyumba.

Wa ku Liwonde:
Ine njira yanga ndi madzi basi, yaulere. Ndikadula ndimang'amba pakati, kumanga mitolo ndi luzi, kutsamiritsa miyala nkumiza pamadzi oyenda masabata atatu olo anayi. Madzi amatsuka kutsekemera kuja kachilombo nkusowa chodya. Pa madzi oima zimathekanso koma zimatuluka fungo loipa ndipo zimada, muzisintha madziwo sabata iliyonse ngati ndi mu diramu. Timizere topala kale sitifuna nthawi yaitali choncho, sabata imodzi ndi theka takwana. Kuno kwathu ku Shire sitimiza paliponse chifukwa cha ng'ona, inu kumapiri kumeneko muli ndi timitsinje tabwino, gwiritsani ntchito.

Madala a ku Dedza:
Palinso ina ya anthu osafulumira. Mukadula musasadze nthambi, imikani nsungwiyo pamwala pomwepo itatsamira zinzake kuti isakhudze dothi, isiyeni masabata atatu kapena anayi mpaka masamba afote okha. Masamba aja amapitiriza kuyamwa chakudya chamkati mpaka chithe. Kungoti masiku ano ukasiya kuphiri umakapeza wina wanyamula.

Za msinkhu ndifotokoze bwino chifukwa apa ambiri amasokoneza. Ya chaka chomwecho, ya makoko ndi kaufa koyera pakhungu, isiyeni, ndi yamadzi, ikauma imakwinyika lichero nkukhala ndi mipata, komanso ndi imene idyetse phatalo chaka chamawa. Yokalamba kwambiri ya ndere mbali zonse ndi ya denga ndi nkhokwe, mukailukira imathyoka. Yolukira ndi yapakati, makoko atayoyoka, kubiriwira kwayamba kuzilala, ukaigogoda ndi chikwanje imalira ngwee osati phuu. Ya mkombero ikhale yokhwimirapo kuposa yolukira. Ndipo dulani pamwamba penipeni pa mfundo yoyamba kapena yachiwiri kuti chitsa chisasunge madzi nkuoletsa phata.

Wophunzira wa ku Ntcheu:
Ndangotuluka panja ndi lichero limodzi kukaliona padzuwa, ndi zoonadi bambo, tabooka ndi toyera tokhatokha ndi mkombero, ta khungu tili gwa. Mtima wandipweteka koma bola ndadziwa. Nanga 14 otsalawa ndi madengu ndiotche?

Mayi a mlaza, Mangochi:
Musaotche onse mwanangu, sankhani kaye. Lililonse lipindeni pang'ono ndi manja, lomwe likuti tswatswa kapena kamzere kakuphwanyika ndi chikhadabo limenelo latha, lichotseni msanga lisapatsire anzake ndipo lisagone chipinda chimodzi ndi nsungwi zatsopano. Olimba aja akulungeni mu pulasitiki yakuda mumange kukamwa nkuika padzuwa la masana pa lata kapena pathanthwe masiku atatu anayi motsatizana, kutentha kumapha mphutsi zili mkatizo. Panopa ndi nthawi yamvula nde muzionera tsiku lowala, ndipo madzulo muzimasula kuti thukuta lituluke apo ayi muchita chuku, ife a mlaza chuku ndiye mdani wathu wamkulu kuposa kufumbwa. Mukatero apachikeni kutsindwi kwa khitchini ya nkhuni. Taonani lichero la agogo anu lomwe limakhala pamwamba pa moto, lafiira ndi utsi koma zaka ndi zaka osabooka.

Wa ku Liwonde:
Utsi ukhale wa pang'onopang'ono masabata awiri kapena kuposa, osati kuwamba pamoto tsiku limodzi, mungopsereza chilambe chomangira mkombero nkuyamba kumasuka. Mukatsitsa pukutani mwaye ndi kansanza, gogodani papepala loyera, siyani sabata mugogodenso. Ufa watsopano ukaoneka ndiye kuti akadalimo.

Wa mipando, Blantyre:
Koma a shopu ambiri amafuna zoyera, zofiira ndi utsi ena amakana. Afunseni kaye musanavutike.

Mayi a mlaza, Mangochi:
Awafunse inde, koma awauzenso chilungamo chonse. Muwaimbire lero lomwe, muwauze achotse 10 aja pafupi ndi katundu wina wa nsungwi mushopumo chifukwa tizilomboti timauluka, inu muwabwezera ena. Ine zinandionekerapo ndi zitete zomwe zinachita chuku panjira, ndinaluka zina ulere, ndalama ya thiransipoti inandiwawa koma mpaka lero amandipatsabe maoda.

Madala a ku Dedza:
Ndi zimenezo. Komanso mwati kuphiri, ngati ndi nkhalango ya boma pitani kwa a forestry mukatenge chilolezo, ngati ndi ya mudzi dzerani kwa amfumu ndi komiti, musadzalandidwe mtolo mutauviika kale mwezi wathunthu. Ndipo paphata limodzi musamadule zonse, tengani zochepa zokhwima nkupita pena.

Wophunzira wa ku Ntcheu:
Ndabweranso akuluakulu patha masabata atatu. Pa 14 paja 5 anali otheratu ndinasonkhezera moto, 9 ndinawaika mu pulasitiki kenako kutsindwi, dzulo ndagogoda papepala 8 alibe kanthu, limodzi lokha likutulutsabe kumkombero nde ndalipatula. Madengu onse 6 apulumuka. Mayi a shopu ndinawafotokozera zonse monga munanenera amayi, ati ofiirawo ndiwatumizire awiri aone kaye, ndipo 10 obwezera adikira mpaka Juni bola akhale a khungu lokhalokha. Amfumu andilola kudula mbali ya kumtsinje, pamene pali dziwe loyenda madzi lomizapo. Amalume nditawawerengera zomwe munalemba a ku Dedza za kulira kwa nsungwi anati tipite limodzi tsiku lodula, maso alibe koma khutu lilipo, azikagogoda okha ine ndizidula. Chomwe chandisowa tsopano ndi chilambe, kuno chatha ndi moto wa tchire wa chaka chatha, alipo wa cha ku Balaka kapena Ntcheu konkuno amene akudziwa komwe chikupezeka?

Wa ku Liwonde:
Ndili nacho chouma mikombero ingapo, ndipezeni ku inbox tione minibasi yodzera ku Balaka Loweruka. Musanamangire muchiviike usiku umodzi.