Thandizeni: [ ] ndi [[ ]] zimasiyana pati mu bash?

Moni nonse. Ndangoyamba kumene kulemba ma script a bash (shell, pulogalamu yoyendetsa ma command), ndipo pali chinthu chandizunguza mutu kuyambira dzulo.

Ndinalemba mzere uwu: if [ $yankho = "inde" ]; then. Munthu akalemba yankho zimayenda bwinobwino, koma akangodina Enter osalemba kanthu, ikutulutsa uthenga woti "unary operator expected". Nditaika $yankho m'kati mwa ma quote, vuto linatheratu. Maganizo anga ndi oti [ ndi command payokha, yofanana ndi test, ndiye variable ikakhala yopanda kanthu imangozimiririka, [ n'kutsala ndi = ndi "inde" basi. Ndikulondola kapena ndikungoganiza zanga?

Chinanso chinandiseketsa: ndinalemba [ $nambala > 5 ], kenako ndinapeza fayilo yatsopano dzina lake 5 mu foda yanga! Pano ndikugwiritsa ntchito -gt m'malo mwa > poona ngati nambala ikuposa inzake.

Nditayesa [[ ]] zonse zinayenda ngakhale popanda ma quote. Koma nditaiyendetsa ndi sh pa Ubuntu inakana, akuti "[[: not found", poti sh kumeneko ndi dash, shell ina osati bash.

Inu odziwa, mumatani? Ndizingoika #!/bin/bash pamwamba n'kumagwiritsa ntchito [[ ]], kapena ndizolowere [ ] kuti script iziyenda paliponse? Zikomo.