Mtima wa bambo ukudumphadumpha chiwachitireni opaleshoni ya bypass, thandizeni maganizo

Wosatchula dzina:
Moni nonse a pagulu. Ndili ku Rosettenville. Bambo anga a zaka 64 akhalitsa ku Joni kuno akugwira ntchito ya m'gadeni. Masabata atatu apitawo anawachita opaleshoni ya mtima ija amati bypass, pachipatala china cha boma. Mitsempha itatu yodyetsa mtima inali itatsekeka, ndiye anatenga mtsempha wa pamwendo ndi wina wa m'chifuwa n'kulumikiza kuti magazi azilambalala potsekekapo. Tsiku lachiwiri anali atayamba kale kufunsa nsima. Koma lachitatu usiku makina anayamba kulira, mtima ukugunda ka 150 pa mphindi, mopanda dongosolo. Adokotala anati ndi atrial fibrillation. Anawaika dripi ya amiodarone n'kukhazikika, koma zinabwereranso kawiri asanatuluke. Pano ali pakhomo, akumwa warfarin, amiodarone ndi kapilisi kena kochepetsa liwiro la mtima. Nthawi zina amati m'chifuwamu mukuphiriphitha ngati chambo chongovuulidwa kumene.

Kodi opaleshoni ija yakanika? Azakhali ku Ntcheu akuti madokotala anaphonya, abwere akaonane ndi a zitsamba. Bambonso aumirira, akuti akwera basi mwezi uno mvula isanawapitirire. Tsiku lotuluka adokotala anafotokoza ndithu, koma mutu wanga unali utaima, sindinatolepo kanthu.

Nesi wa ku Randburg:
Pepani achemwali, koma mtima pansi. Zimenezi si zachilendo. Mwa anthu 10 ochitidwa bypass, pafupifupi atatu zimawachitikira, ndipo nthawi yake ndi yomweyo, tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri za m'mwamba zija, m'malo mofinya magazi mwa ndondomeko, zimangonjenjemera, ndiye za m'munsi zimalandira uthenga wosokonekera. Mtima umakhala utagwidwagwidwa pa opaleshoni, kathumba koukuta kamatupa, mchere wa m'magazi monga potaziyamu ndi magineziyamu umatsika, kuwonjezerapo ukalamba. Bypass inakonza mipope. Chomwe chasokonekera ndi magetsi a mtima, sikuti mitsempha anaikayo yatsekeka. Kwa ambiri zimatha pofika masabata 6 mpaka 8.

Choopsa chili apa: zipinda zikamanjenjemera magazi amadikha, n'kuundana. Kachibuma ka magazi kakathawira ku ubongo ndiyo sitiroko. Warfarin ntchito yake ndi kuletsa magazi kuundana choncho, asaphonye ngakhale tsiku limodzi. Komanso amiodarone amawonjezera mphamvu ya warfarin, n'chifukwa chake amayeza INR pafupipafupi, nambala yosonyeza kuchedwa kwa magazi kuundana. Kawirikawiri imafunika ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika magazi amaundana, ikakwera munthu amataya magazi.

Mnyamata wa ku Tembisa:
Ndiye kuti mtima wa madala uli pa load shedding basi.

Mayi wa ku Turffontein:
Iwe, anthu ali pa mavuto apa. Mwanangu, amuna anga anadutsa momwemo zaka zingapo zapitazo, lero akuyenda bwinobwino. Chimene chinatsala pang'ono kutipweteketsa ndi Grand-Pa. Azibambo a ku Joni kuno mutu ukangoti pang'ono, pepala la Grand-Pa lili kale pa lilime. Muli aspirin mmenemuja, amene akakumana ndi warfarin munthu amataya magazi. Anga anayamba kutuluka magazi m'nkhama ndi kamfuno wosatha, ife osadziwa. Kafufuzeni m'matumba mwa majekete awo onse, musawafunse, akukanirani. Ndipo masamba asiyiretu, ife anatiuza choncho.

Nesi wa ku Randburg:
Amayi, za Grand-Pa mwalasa. Mankhwala opha ululu a Brufen ndi Voltaren nawonso asamwe. Ngati adokotala anawalembera aspirin wamng'ono uja, ameneyo ngowerengera kale, apitirize, koma wogula paspaza ayi. Zowawa zikavuta, Panado pa mlingo wake. Koma pa masamba ndikutsutsaniko pang'ono. Nkhwani, mpiru, bonongwe ndi sipinachi zili ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin, zoona. Koma nkhani si kusiya. Azidya mlingo wofanana sabata ndi sabata, kuti mankhwala awayezere pa kadyedwe kameneko. Chovuta n'chakuti sabata ino osalawa n'komwe, sabata yamawa mphika wonse wa chisoso.

Bambo wa ku Diepsloot:
Inu mukunyoza zitsamba, makolo athu ankachira ndi chiyani? Azakhaliwo asanyozedwe.

Nesi wa ku Randburg:
Palibe wanyoza, bambo. Koma muzu wa m'botolo palibe amadziwa kuti ukakumana ndi warfarin uchita chiyani, ndipo munthu akayamba kutaya magazi m'mimba kapena m'mutu kumudzi, galimoto ya kuchipatala mukaipeza kuti usiku?

Dalaivala wa Joni–Blantyre:
Za mankhwala sindidziwa, koma msewu ndimaudziwa. Kuchoka pa Park Station, kukaima pa Beitbridge maola osawerengeka, kudutsa Zimbabwe yonse mpaka Nyamapanda, Tete kotentha kuja, kenako Mwanza kapena Dedza. Masiku awiri munthu ali chokhala, miyendo ili lende. Wathanzi amene amatsika mapazi atatupa, nanji wochotsedwa mtsempha pamwendo? Auzeni madala kuti munda alimitse aganyu, ndalama atumize pafoni.

Nesi wa ku Randburg:
Adalaivala anena zoona. Fupa la pachifuwa analidula n'kulimanga ndi mawaya, limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane, ndiye za zikwama aiwale. Ulendo adikire adokotala a mtima avomereze, ndipo podzapita adzatenge kalata, mankhwala okwanira, atadziwiratu kokayezetsa INR. Pakadali pano phunzirani kugwira pamkono pawo n'kuwerenga kugunda kwa mphindi yathunthu, m'mawa ndi madzulo, muzilemba m'kope. Akapuma koma kukupitirirabe 120, kapena kwatsika pansi pa 50 iwo akumva chizungulire, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kukamwa kukapotoka, mkono kulefuka, mawu kumveka ngati aledzera, kubanika, kukomoka, kupweteka pachifuwa kapena chimbudzi chakuda bii, musadikire kuche. Itanani ambulansi pa 112 kapena 10177.

Wosatchula dzina:
Zikomo nonse, ndapumako. Amayi a ku Turffontein, ndapeza mapepala anayi a Grand-Pa m'jekete yawo ya kutchalitchi, akuti anali a mnzawo. Ndawalanda. Za basi sanagonjebe, koma avomera kudikira tsiku loonana ndi adokotala. Azakhali ndiwaimbira mawa, mundipempherere. Lachinayi ndi tsiku la INR ndipo abwana anga andikaniza kuchoka. Alipo wa kufupi ndi Rosettenville amene angawaperekeze m'mawa? Ya takisi ndilipira ine.