Woimba amafika bwanji pokhala mtsogoleri wa sunagoge?

Mlendo42

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndamva kuti pakati pa Ayuda alipo anthu amene anayamba ndi kuimba, kenako n'kudzakhala arabi a masunagoge akuluakulu. Njira yake imayenda bwanji? Munthu wa mawu abwino, wodziwa kale gitala kapena piyano, amatsala ndi chiyani choti aphunzire, ndipo zimatenga zaka zingati?

Nthambi

Tiyambe tasiyanitsa maudindo awiri amene ambiri amawasokoneza. Rabi ndi mphunzitsi: amalalikira, amalangiza anthu, amagamula nkhani za chilamulo. Wotsogolera mapemphero moimba ndi wina, dzina lake hazzan. Woimba amakonda kulowera khomo la uhazzan, ndipo ena amapitirira mpaka urabi.

Taonani moyo wa Angela Buchdahl. Anabadwira ku Seoul mu 1972, mayi ake Mkoreya wachibuda, bambo ake Myuda wa ku America. Ali ndi zaka 5 banja linasamukira ku Tacoma. Atamaliza ku Yale mu 1994 analowa Hebrew Union College, sukulu ya Ayuda a gulu la Reform (limodzi la magulu akuluakulu a Chiyuda, ena ndi Conservative ndi Orthodox), ndipo anakhala hazzan mu 1999, rabi mu 2001. Mu 2006 anapita ku Central Synagogue ku New York kukatsogolera nyimbo. Udindo wa rabi wamkulu anaulandira mu 2014, mkazi woyamba pampando umenewo. Mpingo womwewo unali utamumva akuimba zaka 8 usanam'patse zonse.

Ku Hebrew Union College maphunziro a uhazzan ndi a zaka 5, chaka choyamba ku Yerusalemu kuti Chihebri chikhazikike. Polowa pamafunika digiri yoyamba, ndipo amakuyesani kuimba ndi kuwerenga manotsi. A gulu la Conservative ali ndi yawo ku Jewish Theological Seminary, ku New York komweko. Kwa a Reform mkazi woyamba kukhala hazzan anali Barbara Ostfeld mu 1975. A Orthodox udindowu amapatsa amuna okha.

Mkokomo

A Nthambi alongosola za sukulu, ine ndinene pamene oimba amapunthwa. Si pa mawu ayi.

Choyamba ndi nusach, mayimbidwe amene pemphero lililonse lili nawo malinga ndi nthawi yake. Mawu a pemphero angakhale amodzimodzi, koma m'mawa wa tsiku wamba, madzulo olowa Sabata ndi pa Rosh Hashanah (chaka chatsopano cha Ayuda) amaimbidwa mosiyana. Munthu wokulira m'sunagoge akangomva mzere umodzi amadziwa kuti lero ndi tsiku lanji. Woimba wozolowera kupeka amaika kamvekedwe kake kokoma pamalo olakwika, achikulire n'kuyamba kuyang'anana. Nusach imalola kukometsera, koma poyambira ndi potsirizira mzere pali njira yake yokhazikika.

Chachiwiri ndi kuwerenga Torah, mabuku asanu a Mose olembedwa pa mpukutu, ndipo apa ndi pamene ambiri amatuluka thukuta. Mpukutu uli ndi makonsonanti okhaokha. Mulibe mavawelo, mulibe zizindikiro za kaimbidwe zotchedwa te'amim, ngakhale zopumira. Pokonzekera amagwiritsa ntchito buku lotchedwa tikkun, limene tsamba lililonse lili ndi mbali ziwiri: ina ili ndi zizindikiro zonse, ina ili monga mumpukutu. Mumayamba mwawerenga mawu okha mpaka atalowa, kenako n'kuikapo kaimbidwe vesi ndi vesi, pomaliza n'kuphimba mbali ya zizindikiro ija. Woimba wa khutu lakuthwa amafuna kudumpha zonsezi n'kungoloweza zojambulidwa. Tsiku lowerenga akaphonya liwu limodzi amasowa pogwira, chifukwa analoweza nyimbo, sanaphunzire chiganizo.

Zizindikiro zija zimasonyezanso pokweza liwu, ndipo tanthauzo limasintha monga m'Chichewa mtengo wa m'nkhalango umasiyanira ndi mtengo wa katundu. Pa Genesis 29:6 liwu loti ba'ah limatsindikidwa kumapeto, kutanthauza kuti Rakele akubwera. Pa vesi 9 limatsindikidwa koyambirira, kutanthauza kuti wafika. Wowerenga akalakwitsa mosintha tanthauzo, gabbai, wothandizira woima pambali pake, amamukonza pomwepo, anthu onse akumva, ndipo amabwereza. Dziwaninso kuti kwa Ayuda a Ashkenazi, ochokera pakati ndi kummawa kwa Ulaya, zizindikiro zomwezo zili ndi mayimbidwe 6, kutengera buku ndi chikondwerero.

Mlendo42

Zikomo kwambiri nonse. Nanga gitala ija amaisiya?

Chitsime

Zimatengera sunagoge, a Mlendo. Kwa a Reform gitala, piyano ndi limba zimalira pa Sabata. Kwa a Orthodox pa Sabata ndi pa zikondwerero palibe choimbira chilichonse, ngakhale maikolofoni. Liwu loyambira mumalipeza m'mutu mwanu. Vuto lofala ndi kuyamba pamwamba, pamene mawu anu amawala, mpingo n'kulephera kufikapo, n'kungokhala chete kumvetsera. Pa manotsi, anthu ambiri amamasuka kuchokera pa C kufika pa C wotsatira, D akhale malire. Hazzan amatchedwa shaliach tzibur, mthenga wa mpingo, ndipo mwa mwambo amayang'ana kumene kuli mipukutu, anthu ali kumbuyo kwake. Buku la malamulo la Shulchan Aruch limadzudzula amene amatalikitsa pemphero kuti anthu amve kukoma kwa mawu ake. Kwa ine ichi ndiye chovuta koposa kwa munthu wozolowera kuomberedwa m'manja.

Mayeso enieni ndi Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo: kusala pafupifupi maola 25 osamwa ndi madzi omwe, mapemphero 5. Kol Nidre, yotsegulira tsikuli madzulo, imaimbidwa katatu, kuyamba motsitsa n'kumakweza. Wothera mphamvu zonse usiku umenewo amafika pa Ne'ilah, pemphero lotsiriza, mawu atasasa. N'chifukwa chake masunagoge ambiri amagawa mapempherowa kwa anthu awiri kapena atatu. Madzi amayamba kumwa ambiri kutatsala masiku awiri, ndipo pa chakudya chomaliza amapewa mchere wambiri ndi khofi.

Mukamafufuza mudzakumana ndi dzina la Shlomo Carlebach, wobadwira ku Berlin mu 1925, amene anamwalira mu 1994. Iye anayenda mobwerera: anayamba waphunzira ku yeshiva (sukulu ya chipembedzo) ya ku Lakewood, ku America, nakhala rabi, gitala n'kudzabwera pambuyo. Manotsi sankawerenga. Nyimbo zake zazifupi, zobwerezabwereza, zinasintha mapemphero olowa Sabata m'masunagoge ambiri chifukwa aliyense amazigwira atangomva kawiri. Koma mbiri yake ili ndi mbali yowawa. Mu 1998 magazini ya Lilith inasindikiza madandaulo a akazi omwe ankati anawachita nkhanza zokhudza kugonana, ndipo mu 2018 Central Synagogue, pansi pa Buchdahl yemwe uja, inaimitsa nyimbo zake kwa chaka chimodzi.