Injini ikukana kulumana ndi giyabokosi, patsala mpata wolowa chala

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Ulónguè, ndipo injini ikulendewera pa cheni buloko pansi pa mtengo wa mango kuyambira dzulo masana.

Galimoto ndi Hilux ya 2008, injini ya 1KD, giyabokosi ya otomatiki. Ndiyo imadyetsa ana kwathu, ndimanyamulira mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi ku Dómuè kukagulitsa ku Tete. Mwezi wathawu inatentha pobwerera, titangodutsa Moatize, ndipo pofika pa Mussacama inali itayamba kugogoda. Ndapeza injini ina yogwirapo kale ntchito, 1KD yomweyo, koma inachoka m'galimoto ya manyuwo. Tachotsa flywheel, chigudumu cholemera cha kumbuyo kwa injini, ndi kilatchi, taikapo mbale yopyapyala ija ya pa injini yakale, flexplate, pamodzi ndi timbale take tiwiri, kakutsogolo ndi kakumbuyo.

Giyabokosi sitinaitsitse, yakhala pa jeke. Injini ikutsika bwinobwino, koma ikangoyandikira imaima nji, n'kutsala mpata wolowa chala cha mkombaphala kuzungulira konse. Tapendeketsa, takweza jeke, tatsitsa, osatheka. Alamu anga akuti tiike mabawuti aatali, tizimanga pang'onopang'ono mbali zonse, ikokana yokha. Ndinamangako awiri, koma kulimba komwe ndinamva m'sipanala sikunandisangalatse, ndiye ndasiya. Kodi ndipitirize? Mbatata ya eni ake ikudikira m'matumba.

Dalaivala wa ku Zóbuè: Achimwene, masulani mabawutiwo lero lomwe. Mnzanga anachita zomwezo, galimoto inalira bwino koma osasuntha ngakhale phazi limodzi. Anali ataswa pampu ya oyilo ya m'giyabokosi.

Makaniko wa ku Moatize: Bambo, dzanja lanu lakupulumutsani. Injini ndi giyabokosi zimayenera kukhudzana zokha, chitsulo pa chitsulo, mukungokankha ndi manja. Bawuti ntchito yake ndi kugwira, osati kukoka.

Ndikukayikira konveta, chija chonga dzungu chili pakamwa pa giyabokosi. Potulutsa injini yakale, kawirikawiri chimatsatira n'kusuntha pamalo pake, ngakhale mabawuti ake asanu ndi limodzi mutamasula. Kwezani injini ichoke kaye. Gwirani konveta ndi manja awiri, muzizunguza uku mukukankhira m'kati, ndi kuinyamulako pang'ono kuti isalemerere pansi. Imalowa masitepe: mano a shafiti yapakati, kenako mano a paipi yosazungulira ija, pomaliza khosi lake limakalowa m'timano tiwiri ta pampu ya oyilo. Sitepe yomalizayi ndiyo imavuta, ndipo ambiri amalekera pa yachiwiri poganiza kuti yafika. Mukamanga ili chonchi, khosi limatsamira pampu, ndipo pampu siichedwa kung'aluka.

Musadalire khutu lokha, yezani. Gonekani chitsulo chowongoka pakamwa pa giyabokosi, muyeze kuchokera pa chitsulocho kukafika pamene mabawuti a konveta amalowa. Kenako yezani ku injini, kuchokera pankhope ya buloko kukafika pa flexplate. Muyeso wa ku giyabokosi upose wa ku injini ndi mamilimita ochepa. Mukalumikiza, lowetsani chala pa kazenera ka pansi: konveta izizungulira momasuka, ndipo ndinu muikokere kutsogolo kuti ikhudze mbale. Ikakhala yothinana, chilipo chalakwika.

Wina wa ku Furancungo: Mwati injini inachoka mu ya manyuwo? Yang'anani kumbuyo kwa kirankishafiti, pabowo la pakati. Mumakhala kaberingi kogwira nsonga ya shafiti ya manyuwo. Mphuno ya konveta imalowa m'bowo lomwelo, ndiye kaberingiko kakatsalamo, mudzalimbana nayo mpaka mvula igwe. Onaninso timisomali tiwiri tolondolera tija, timene timalunjikitsa injini ndi giyabokosi polumikiza. Nthawi zina kamodzi kamatsalira ku giyabokosi pomwe injini yatsopano yabwera ndi kake, ndiye tiwiri tikulimbirana bowo limodzi.

Mayi wina wa ku Tete: Ine za mabawuti ndisiyira amisiri, koma pikapu yathu ndi ya otomatiki ndipo kutentha kwa kuno mukukudziwa, mwezi wa Okutobala kumapitirira madigiri 40. Oyilo wa giyabokosi amazizirira m'mapaipi odutsa pa rediyeta. Ngati injini inatentha mpaka kugogoda, oyiloyo naye anaphikika. Mununkhizeni. Akakhala wakuda, wa fungo lopserera, musamubwezeremo.

Dalaivala wa ku Zóbuè: Bwanji osangotsitsa giyabokosi, kulumikiza pansi, n'kukweza zonse pamodzi?

Makaniko wa ku Moatize: Pa ofisina (galaja) yokhala ndi dzenje zimatheka, koma pansi pa mango ndi anthu awiri, ayi, ndi yolemera kwambiri, makamaka ikakhala 4x4. Chofunika jeke ikweze pakamwa pa giyabokosi kuti mpata ukhale wofanana pamwamba ndi pansi, ndipo muike thabwa pakati kuti musaphwanye sampu, beseni la oyilo la pansi pa giyabokosi. China, bambo: gwiritsani mawaya ndi kompyuta za galimoto yanu, osati zobwera ndi injini. Ma injekita a 1KD ali ndi manambala pamutu, ajambuleni musanatseke, adzafunika kulowetsedwa mu kompyuta ndi makina.

Mwini funso: Abale, Mulungu akudalitseni. Takweza injini m'mawa uno, ndaunika ndi tochi ya foni, kaberingi kali phee m'bowo. Tinadzaza girizi n'kukhomera chitsulo chokwana bwino pakati, kanatuluka kokha. Konveta nayo inali panja. Ndinazunguza mpaka mikono kuwawa, kenako ndinangomva "gu", yalowa, moti zala sizikulowanso kumbuyo kwake. Titatsitsa injini, yakhudza yokha popanda bawuti ndi imodzi yomwe, alamu anga ali pomwepo akuona.

Nkhawa yatsala ndi ya mabawuti awiri ndinamanga dzulo aja. Bambo a ku Moatize, pali njira yodziwira ngati pampu ndinaipweteka ndisanalize injini? Pakhosi pa konveta ndaonapo kachizindikiro kowala ngati pokandika ndi msomali, koma silo yotchinga oyilo sikudontha. Oyilo ndamununkhiza monga ananenera mayi aja, ndi wopserera, ndatuma kale mwana akafunse oyilo wina ku Tete mawa.