Atelala thandizeni, ndikufuna kusoka kava ya Kindle

NaBanda wa ku Ngabu: Moni nonse a pa gulu. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Ngabu, ndili ndi funso kwa inu odziwa zosoka. Mlongo wanga wa ku Joni anandibweretsera Kindle Paperwhite, kachipangizo kowerengera mabuku, ija ya 2021 ya sikirini ya mainchi 6.8, ataikamo kale mabuku ambirimbiri, koma inabwera yopanda kava. Ndafunsa m'mashopu a mafoni pa Nchalo mpaka ku Limbe, akungondionetsa za matabuleti zomwe sizikukwana. Nde ndaganiza zongosoka ndekha, makina ndili nawo a mayi anga a Singer opalasa ndi phazi aja, ndipo chitenje chotsala pa diresi chilipo.

Nkhawa yanga ndi iyi. Kindle imeneyi ndimayenda nayo pa kabaza tsiku lililonse, m'chikwama momwemo muli makope a ana, choko, botolo la madzi, zonse zimapanikizana. Ya mnzanga wina inafa chonchi, anangoitsamira m'minibasi pobwera kuchokera ku Blantyre, kufika pa Thabwa kuitulutsa wapeza mizeremizere, theka loyera theka lakuda, koma kunja osasweka olo pang'ono. Nsalu yokha sindikuikhulupirira ayi. Mkati ndiikemo chani cholimba? Ine ndimaganiza katoni ndi thonje poti thonje kwathu kuno si losowa. Chinanso ndi kutenthaku, mwezi wa Okutobala mukudziwa nokha timafika madigiri 40 n'kupitirira, kava siipangitsa kuti batire izipsa mkatimo? Ndimaikonda zedi, ndi imene imandisangalatsa usiku magetsi akazima.

Telala wa pa Dyeratu: Amayi katoni ayi chonde. Ikangonyowa ndi thukuta kapena mvula imafewa n'kupindika, ndipo kava yake simungaichapenso. Pezani fayilo ya pulasitiki yolimba ija ya ku ofesi, mudule zidutswa ziwiri, ngodya zake muzungulize ndi sizasi kuti zisaboole nsalu. Musasokerere pulasitikiyo, sokani timatumba tolowetsamo kuti pochapa muzingoitulutsa. Ndipo chitenjecho muyambe mwachichapa n'kuchisita musanadule, chitenje chatsopano chimabwerera komanso china chimasuluka.

NaBanda wa ku Ngabu: Zikomo abambo, za kuchapa kaye sindinaganizeko n'komwe. Nanga thonje lija?

Telala wa pa Dyeratu: Thonje la kumunda limaundana mabulumabulu mukachapa, ndipo mukaiwalamo njere imodzi yokha ndi yomweyo idzadinde sikirini. Bola kachidutswa ka bulangete la ana lofewa lija la pa kaunjika, kapena siponji yopyapyala. Mbali yokhudza sikirini ikhale yofewa, pulasitiki ikhale kunja kwake.

Achimwene a ku Bangula: Ndili nayo yofanana. Muyezo wake ndi masentimita 17.4 mulitali, 12.5 mulifupi, kukhuthala mamilimita 8 basi, koma muyezebe yanu ndi tepi. Ya mnzanuyo chomwe chinachitika n'chakuti pansi pa sikirini ya Kindle, imene amaitcha e-ink, pali kagalasi kopyapyala kwambiri, kamathyoka Kindle ikapindika pang'ono chabe, nde kuopsa kwake si kugwa kokha koma kupanikizika. Za kutentha musade nkhawa kwambiri ndi kava, Kindle siitentha yokha ngati foni chifukwa imadya moto wochepa. Chomwe chimapha batire ndi kuisiya padzuwa, pa windo kapena m'galimoto yotseka. Amazon eni ake amati izigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35, nde kwathu kuno masana muziisunga pamthunzi, ndipo nsalu yakuda ipeweni.

Mayi a Chisomo: Ine yanga ndinasoka yotsegula ngati buku ndi malastiki anayi m'ngodya, poyamba inali bwino koma ndi kutentha kwa ku Nsanje kuno lastiki anatha mphamvu msanga, Kindle inkangopulumuka. Ndinasintha n'kusoka kathumba kongolowetsa, kokhala ndi chivundikiro chopindira pamwamba, fumbi silimalowanso. Zipi musaikeko, mano ake amakanda.

Achimwene a ku Bangula: Eya, ndipo polowetsa m'kathumba muziyamba ndi kumutu, chifukwa batani loyatsira ndi pochajira zili kumunsi, zikatsamira pa msoko imangodziyatsa m'chikwama. Makava a kushopu aja amakhala ndi kamaginito kamene kamaidzutsa mukatsegula, koma kupeza malo ake enieni pa nsalu n'kovuta, zisiyeni zimenezo.

NaBanda wa ku Ngabu: Takhuta nonse, mwandithandiza kwambiri. Ndasankha kathumba, fayilo yakale ndili nayo kusukulu. Abambo a pa Dyeratu funso lomaliza, podula nsalu ndionjezereko masentimita angati mbali iliyonse poti muli bulangete ndi pulasitiki?

Telala wa pa Dyeratu: Onjezerani awiri mbali iliyonse, imodzi ya msoko inayo ya kukhuthala. Koma yambani mwayesa pa kansalu kachabechabe ndi ulusi wa pamanja, mulowetsemo Kindle muone. Izilowa mosakakamiza koma isamagwedere. Mukafika pokhuthala pa ngodya muzizungulitsa gudumu la makina ndi dzanja, singano ingathyoke.